Khadi Limene Ndinkayenda Nalo M'thumba la Malaya

Raffingora, zaka za pensulo

Ana anga, za ubwana wanga ndilumpha, chifukwa mulibe kanthu koma fumbi la m'komboni ndi zipsera za m'miyendo. Chimene ndikufuna mudziwe ndi chifukwa chimene tinasiyira nyumba ya njerwa ya magetsi ija n'kukapanikizana m'tizipinda tiwiri. Nthawi imeneyo ndinakuuzani kuti denga linkadontha. Kuti nkhaniyi imveke, ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba.

Ndinalembedwa ntchito pa famu ya fodya ku Raffingora, chakumpoto kwa Harare, komwe bambo anga anafikira atachoka ku Dedza wapansi. Ndinayamba ndi kusoka ziguduli za mabelo. Tsiku lina kapitawo wa m'shedi anandipeza ndikulemba nambala pa chiguduli ndi khala, ndipo anaima nthawi yaitali akuyang'ana. M'mawa mwake anandipatsa buku ndi pensulo. Kuyambira pamenepo anthu ankangondiitana kuti Mabalani, ndiye kuti mlembi wa pa famu. Sindibisa, ndinkanyada. Seveni wanga anali ndi lamba pakati, ndipo m'buku langa simunkapezeka pofufutidwa.

Ndinkalemba amene wabwera ndi amene watsiriza mgwazo wake, gawo la ntchito limene munthu wapatsidwa pa tsiku. Koma pa famu nyumba imayenda ndi dzina la m'buku. Dzina likatuluka m'buku, katundu amatuluka m'nyumba. Anzathu Achishona akakalamba amakwera basi kupita kumudzi kwawo. Nanga ife obadwira m'makomboni tipita kuti? Ine Dedza ndinkangomumva m'nyimbo za bambo anga. Choncho azimayi anali ndi kachitidwe kawo kamene ankati kuthirirana. Mnzawo akafooka, kaya ndi pakati, kaya ndi maliro, kaya ndi ukalamba, aliyense ankatapako pang'ono pa zimene wathyola n'kuthira m'dengu la wofookayo mpaka mgwazo ukwane. Ine ndinkaona, n'kuchonga dzinalo, n'kuyang'ana kumbali. Palibe amene ankafunsa kuti tsamba ili wathyola ndani.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwira Abiti Jafali. Inu mumawakumbukira ali nkhalamba yosaona, koma ine ndinawapeza akuthyola fodya kuposa amuna. Anali Myao, Msilamu, pamene ife ndife Akhristu, koma zimenezo sizinkawaletsa kulowa m'nyumba mwathu osaodira. Amuna awo anafera kumigodi ku Mutorashanga, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Joni osatumizanso ngakhale kalata. Anali mzamba wa komboni yonse. Iwe Esnati ndi iwe Yohane, manja oyamba kukugwirani anali awo. Pakamwa pawo panali polasa. Akandiona ndi buku ankati, "Che Banda, inu kulembalemba basi. Khasu linakulumani liti?" Ndinkaseka, koma zinkandilowa.

Mafamu atayamba kusintha eni ake, ntchito ya fodya inaima. Zinali zaka zoti mayina ndinkalemba kuseri kwa matumba a feteleza, pensulo imodzi n'kuidula patatu. Titamva kuti ku Concession kuli famu yolima mapizi, nsawawa zija zodya ndi makoko omwe zimene amatumiza kunja, mabanja angapo tinakwera lole imodzi. Abiti anakhala pamwamba pa matiresi athu atakumbatira ketulo yawo ya madzi osamba popemphera.

Concession, chaka chimene timizere tinafika

Ku Concession anandipatsa nyumba ya mabalani, ya njerwa ija. Abiti anawapatsa ya zipinda ziwiri kumapeto kwa komboni, pafupi ndi mjigo. Manijala wathu anali Mai Moyo, mzimayi wophunzira za ulimi, wosakweza mawu, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi unkayamba kukumbukira machimo ako onse. Patapita zaka zingapo maso a Abiti anachita ng'ala. Anayamba kuthyola masamba m'malo mwa mapizi, kenako anasiyiratu kupita kumunda. Azimayi ankawathirira makreti awiri tsiku lililonse, ine n'kumachonga monga kale.

Tsiku lina Mai Moyo anandiitana mu ofesi.

"Bhuku renyu rapera basa, Sekuru Banda," anayamba m'Chishona, kenako n'kubwereza m'chathu. "Buku lanu latha ntchito. Ogula athu akunja akufuna kuti bokosi lililonse likafika kwawo adziwe lachokera m'munda uti, tsiku liti, m'manja mwa yani. Tikalephera atisiya. Kukubwera makina a bakodi."

"Ndiye ine ndilowere kuti, Madamu?"

"Simupita kulikonse. Muphunzira."

Ndinatuluka mu ofesimo. Ndinali nditapitirira zaka makumi asanu, foni yanga inali yongoyankhira, ndipo pageti tsiku lililonse pankaima anthu ofuna ntchito, masatifiketi awo ali m'mapulasitiki. Sabata imeneyo chakudya sichinkalowa.

Wodzatiphunzitsa anali bambo wina wonenepa wa ku Harare, ndipo anangokhala masiku awiri. Anaika paketi ya shuga patebulo n'kutiloza timizere ta kumbuyo kwake. "Timizere takuda ndi toyerati, tina tonenepa tina toonda, ndi nambala chabe," anatero. "Nambala yomweyo ailemba pansipa kuti munthu awerenge. Pamwambapa ailemba kuti makina awerenge."

Ndinakweza dzanja. "Nanga mawu oti shuga ali pa mzere uti?"

A m'shedi anaseka, koma iye sanaseke. "Palibe, madala. Timizere sitidziwa shuga. Kompyuta ndi imene inauzidwa kuti nambala iyi ndi shuga. Mukaiuza kuti ndi mchere, ivomera mpaka kufa kwake." Mawu amenewo ndinawasunga bwino, ndipo bola ndikanawaiwala.

Makina owerengerawo tinkawati kamfuti, chifukwa cha kagwiridwe kake. Umaloza pa timizere, kamatulutsa kuwala kofiira, kakawerenga kamalira. Ntchito yanga inali kuwombera katatu pa kreti iliyonse: chikwangwani cha munda, khadi la wothyola, ndi sitika ya pa kretiyo. Munda, munthu, kreti. Ndinkazibwereza poyenda, posamba, ngakhale m'tchalitchi pa nthawi ya ulaliki. Zikatero kreti inkapita kushedi, kumene mabokosi opakidwa kuchokera m'menemo ankalandira timizere tawo tolumikizana ndi kretiyo.

Masiku oyamba ndinachita manyazi osaneneka. Ndinkamata sitika pa nthiti ya kreti, timizere n'kupindika, kamfuti n'kukhala duu. Ndinkamata pa mame, sitika n'kumatuka. Ndinkayandikiza kamfuti kwambiri poganiza kuti nakonso kali ndi maso okalamba ngati anga. Azimayi ali pamzere, dzuwa likuswa mtengo, ine thukuta kamukamu, wina kumbuyo n'kunena kuti, "Abwerere ku pensulo yawo awa." Loweruka lina ndinapita kusitolo yaikulu ya ku Concession n'kukaima pafupi ndi wogulitsa, kuonerera mmene akudutsitsira sopo ndi mafuta pa makina ake, mpaka mlonda anandifunsa ngati ndataya kanthu. Pang'ono ndi pang'ono dzanja linazolowera. Ndinaphunzira kupukuta kreti ndisanamate, kuphimba dzuwa ndi chipewa, ndiponso kuti timizere tikakana umatayipa nambala yapansiyo ndi chala. Mwezi usanathe Mai Moyo anati, "Maita basa, Sekuru," kutanthauza kuti mwagwira ntchito, agogo. Mtima unakhalako pansi.

Koma tsiku logawa makhadi, khadi limodzi linatsala m'manja mwanga. Wothyola aliyense analandira lake, la pulasitiki, lokhala ndi dzina ndi timizere. Lotsalalo linali la Abiti Jafali, chifukwa m'buku langa anali adakali wantchito. Ndikanatha kupita nalo ku ofesi n'kunena kuti mwini wake saona. Ndinadziwa chimene chikanatsatira. Ndinakumbukira mawu a bambo wa ku Harare uja, oti kompyuta imavomera zimene waiuza. Ndinalowetsa khadilo m'thumba la malaya, kuseri kwa langa. M'mawa mwake azimayi anathirirana makreti awiri monga mwa nthawi zonse, ine n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kulitulutsa, n'kuwombera. Kamfuti kanalira bwinobwino. Ndinachita zimenezi kwa chaka chathunthu ndi miyezi.

Chisanu cha chaka chotsatira, Lachisanu

Pa famu ya mapizi pali lamulo limodzi losakambirana. Munda ukapoperedwa mankhwala amazika mbendera yofiira, ndipo palibe wothyolamo mpaka masiku ake atakwana. Wodumpha mbendera amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Lachisanu limenelo Mai Moyo anandiitana masana. Ndinawapeza atavula magalasi, akusisita m'maso. Ogula aja anali atayeza bokosi limodzi n'kupezamo mankhwala, ndipo anaimitsa katundu wathu yense mpaka tifotokoze. Anatembenuzira kompyuta kwa ine. "Onani ubwino wa makina anu," anatero. "Bokosilo lachokera m'kreti iyi. Munda wachinayi. Koma wachinayi sunapoperedwe. Wopoperedwa unali wachisanu, kutsidya kwa kanjira. Ndiye kuti wothyolayu anadumpha mbendera." Anaika chala pa dzina. Sindinafunike kuwerenga, nambalayo ndinkaidziwa pamtima.

"Abiti Jafali. Ndi mayi uti ameneyu? Nkhope yake sindikuikumbukira."

"Ndi wamkuluko, Madamu."

"Mubwere naye Lolemba m'mawa, ndi khadi lake."

Ndikakhala chete, Abiti achotsedwa chifukwa cha munda umene sanaupondepo. Ndikayankhula, achotsedwabe chifukwa sagwira ntchito, ndipo nane ndipita nawo. Mbali zonse ziwiri ndinkangoona ketulo ija ili panja pa fumbi.

Lamlungu

Titabwera kutchalitchi, amayi anu ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba, ine nditakhala pa mpando. Za bokosi lija ndinali nditawauza kale. Izi anandilola okha kuti ndilembe. Anasiya mbale m'madzi, osandiyang'ana.

"Bambo a Esnati, ndine."

"Ndiwe chiyani?"

"Tsiku lija chisanu chinali chitawaula mizere ya wachinayi. Kreti ya Abiti sinkadzaza, thirakitala ikubwera. Ndinangowoloka kanjira n'kuthyola zodzaza epuloni. Ndinati mankhwala auma kale."

Ndinakwiya, ndipo ndinanena mawu amene sindiwalemba pano. Iwo anangodikira mpaka nditatha, kenako anati, "Nanga khadi lili m'thumba mwa yani?"

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinapita kwa Abiti. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba ndi zala zokha. Ndinawafotokozera zonse kupatula dzina la amayi anu. Anamvetsera, fodya ali pansi pa mlomo.

"Che Banda, mukunjenjemera chiyani? Mpando wanga ukugwedera," anatero. "Mawa ndikanena kuti ndine. Munthu wosaona mbendera angaione bwanji? Mukatsegula pakamwa inu, apita ndi azimayi onse, ndi inu, ndi ana amene ndinawadula michombo. Ine ndine mmodzi."

"Nanga mukakhala kuti, Amayi?"

"Mulungu akudziwa. Kumzikiti kuli khonde."

Ndiyenera kunena zoona: ndinabwerera kunyumba mtima utapepukako. Nkhalamba yosaona inali itanditsegulira khomo lothawira, ndipo ine ndinaliona kuti ndi labwino. Manyazi a zimenezi sanandichoke mpaka lero.

Lolemba m'mawa

Ndinawagwira dzanja kuchokera kumjigo mpaka ku ofesi. Anavala mpango wawo woyera wa Lachisanu. Mai Moyo atawaona akufufuza mpando ndi dzanja, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ambuya, ndinu munathyola m'munda wa mbendera?"

"Ndine, mwanangu. Maso atha. Ndinangotsata mzere."

"Mumadziwa lamulo?"

"Ndimalidziwa."

Mai Moyo anatulutsa fomu n'kuyamba kulemba. Ndinkamva cholembera chikukanda pepala. Atatha anatambasula dzanja. "Ndipatseni khadi lanu, Ambuya."

Abiti anayamba kupapasa m'chiuno, kumasula mfundo ya chitenje, kuimanganso. Khadilo anali asanaligwirepo chibadwire. Sankadziwa n'komwe kuti ndi lalikulu bwanji. "Ndinali nalo," anatero. "Mwina lagwa panjira." Anawerama n'kuyamba kufufuza pansi pa mpando ndi manja aja.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangolephera kupirira kuwaona akukwawa. Ndinapisa m'thumba n'kuika khadilo patebulo. Linali litapindika, dzina litayamba kufufutika ndi thukuta langa.

"Lakhala ndi ine kuyambira tsiku loyamba, Madamu. Amayiwa atha zaka ziwiri osaponda kumunda."

"Che Banda, khalani chete," anatero Abiti ali pansi.

Sindinakhale chete. Ndinafotokoza za kuthirirana kuyambira ku Raffingora. Mai Moyo anamvetsera osaphethira.

"Ndiye anadumpha mbendera ndani?"

"M'kreti imeneyo munali manja a azimayi onse a gulu lija, Madamu."

Zinali zoona, koma sizinali zonse, ndipo ndikukhulupirira kuti anazindikira. Anakhala nthawi yaitali akutembenuza khadilo. "Mukudziwa chimene mwachita, Sekuru? Kudumpha mbendera ndi kulakwa kwa tsiku limodzi. Koma ine ndakhala ndikuuza ogula kuti makina athu sanama, pamene inu mukuwanamiza kawiri pa tsiku. Ndikawauza chiyani?"

"Muwauze kuti ndine."

"Ndiwauzadi. Dzutsani ambuyawo, mupite. Mumva Lachitatu."

Lachitatu, ndi zaka zotsatira

Masiku awiri amenewo amayi anu anayamba kumanga mapoto m'matumba. Lachitatu Mai Moyo anandiuza ataimirira, osandipatsa mpando. Kamfuti andilanda. Nambala ya Abiti aifufuta mu kompyuta. Sanandichotse ntchito, koma anandiika kotsuka makreti, ntchito ya lebala wamba.

"Nyumba ya mabalani ndi ya mabalani," anatero. "Mutulukemo pofika Loweruka. Lebala amakhala m'nyumba ya lebala, ndipo yopanda mwini pakali pano ndi imodzi yokha, ya pafupi ndi mjigo." Anavala magalasi n'kuyang'ana pa pepala. "Wantchito amaloledwa kukhala ndi kholo lake. Apa pakufunika dzina la amayi anu. Ndilembe ndani?"

Amayi anga ondibala anali atagona ku Raffingora zaka zambiri. Ndinati, "Lembani Abiti Jafali."

Musaganize kuti zinathera pabwino paliponse. Katundu anaima masabata angapo, anthu anakhala pakhomo osagwira ntchito, ndipo ena sanandipatsenso moni mpaka ndinapuma. Kuthirirana kunatheratu, chifukwa mabalani watsopano ankafuna khadi lililonse likhale pakhosi pa mwini wake. Ine ndinatsuka makreti zaka zisanu ndi ziwiri, manja m'madzi ozizira, kumatula masitika amene ndinavutika kuphunzira kumata. Nthawi zina kamfuti kakakana, mabalani watsopanoyo ankabwera mwakachetechete kudzandifunsa, ndipo ndinkamuuza kuti apukute mame.

Loweruka lija tinafika ndi wilibala pakhomo pa Abiti. Anamva phokoso la mapoto n'kuima pakhomo atagwira mphuthu.

"Che Banda, mwabwera kudzanditulutsa?"

"Ayi, Amayi. Tabwera kudzapempha malo."

Anapatuka. "Lowani. Koma nyama ya nkhumba isayandikire mphika wanga."

Tinakhala nawo zaka zinayi. Ankadzuka m'bandakucha kupemphera, kukudumphani inu muli gone pansi, ndipo sanasiye kundinena kuti tsopano khasu landiluma. Tsiku limene anatuluka m'nyumba imeneyo komaliza, anatuluka pa jeneza, atanyamulidwa ndi Asilamu anzawo, ife tikutsatira pambuyo. Ketulo ija ili kwa amayi anu. Khadi lili m'Baibulo langa, ndipo mutaliwombera lero silingatulutse dzina la munthu.

Esnati, iwe unalira sabata yonse chifukwa cha magetsi, popeza unali pafupi kulemba mayeso. Unawerengera pa kandulo, pakona, Abiti akukudzudzula kuti ukutha mpweya wa m'nyumba. Tsiku losamuka unandifunsa kuti, "Baba, denga likudontha bwanji mu Juni, mvula kulibe?" Ine ndinakukalipira kuti mwana safunsa zambiri. Unali ndi mutu wabwino, mwana wanga. Denga lija silinkadontha.